Tidalowa M'mudzi Osaodira

Ndayenda maulendo ambiri pa ntchito ya m'mabungwe, ena ogona panjira, ena okankha galimoto m'matope mpaka nsapato kutsalira momwemo. Onsewo ndimawafotokoza ndikuseka. Umodzi wokha ndi umene sindiufotokoza ndikuseka: wa kwa Kamphanje, kupitirira Kabudula kulowera cha ku Nambuma, chaka chimene mphekesera za anamapopa zidafika kwathu kuno ku chigawo chapakati.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku bungwe lina la kunja loona za kadyedwe ka ana. Kale ntchito yathu inali yosavuta kuifotokoza. Tinkalemba kuti tachititsa misonkhano, tagawa mbewu ya nyemba ndi soya, taphunzitsa amayi kuphika phala losakaniza, ndipo eni thandizo ankakhutira. Kenaka kudabwera kayendetsedwe katsopano. Adatitsekera mu hotela sabata yathunthu, mayi wina wachizungu n'kumatiuza kuti msonkhano si zotsatira, kugawa mbewu si zotsatira, zotsatira n'zakuti mwana wasintha. Mawuwo anali oona, sindikana. Ndidaonapo ndekha mbewu yathu ikugulitsidwa pamsika lipoti litanena kale kuti idamera.

Pakhoma la ofesi adamatapo chipepala chachikulu cha mizeremizere. Lonjezo lililonse linali ndi kachipinda kake, tsiku lake ndi mwini wake. Kachipinda kakakhala kobiriwira ndiye kuti zatheka, kachikasu ndiye kuti mukukayikitsa, kofiira ndiye kuti yambani kufunsira ntchito kwina. Kachipinda kamene kadasenza chaka chamawa cha pulojekiti yonse kanali kakuti magazi a ana achuluke m'thupi. Tsono magazi sayezedwa ndi maso. Umabaya mwana kachala, n'kutenga kadontho, n'kuika m'kamakina.

Abwana athu oona za zotsatira, a Mwale, ndiwo adatiwerengera malamulo a kayezedweko. Midzi yokayeza isankhidwa ndi kompyuta, osati munthu. Galimoto ikhala yopanda chizindikiro cha bungwe. Mudzi usadziwitsidwe, chifukwa anthu akadziwa amabisa ana odwaladwala n'kukuonetsa onenepa okha. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo tikamuuze titafika pakhomo pake. Lamuloli silinali loopseza chabe, poti mnzathu wina adaona msana wa njira chifukwa chotsina khutu mudzi wina cha ku Mpingu.

Kompyuta ija, mwa midzi yonse ya m'boma la Lilongwe, idakatola Kamphanje. Kwathu ndi kwa Sadzu, ndipo pakati pa midzi iwiriyi pali dambo lokha.

"Abwana, kumeneko ndi kwathu," ndidatero. "Mayi anga ali tsidya la dambo. Mundilole ndingowaimbira, poti kunjaku kwaipa."

"Ndiye zakhala bwino, Eneless, njira mukuidziwa," adayankha a Mwale. "Koma foni ayi. Mukauza amayi mwauza mudzi wonse, eti? Zotsatira zikakayikitsa, phala la ana latha, ntchito zathu zatha. Za anamapopazo ndi nkhani za pa mowa."

Mayi anga, a Nankhoma, ndi mayi wa chigwirizano ku mpingo, ndipo m'midzi yonse iwiri amadziwika ndi chinthu chimodzi: sanama. Malume anga atalima modutsa malire, amayi adakaikira umboni mwini munda, mlongo wawo ali pomwepo, n'kutha chaka osalankhulana. Kwathu mkangano ukavuta amati, "Akatero Nankhoma, yatha." Ndidakulira m'nyumba imeneyo, ndipo kukadutsa pamphuno pawo mobisa kunkandilemera ngati kuba.

Tidanyamuka Lachinayi m'mamawa, tili atatu. Woyendetsa anali a Jafali, munthu wanthabwala amene abale ake ali ndi sitolo pa Namitete. Woyeza magazi anali a Gondwe a ku Rumphi, wamtali, wofatsa, Chichewa chawo chopendekera ku Chitumbuka. Kumbuyo kunali bokosi labuluu longa la ogulitsa mafirizesi, m'kati muli kamakina, tisingano, thonje, magolovesi ndi timabotolo tating'ono. Galimoto adachita kubwereka, yoyera mbee, ya magalasi akuda.

"Munthu atafuna kujambula galimoto ya anamapopa, angajambule ina yosiyana ndi iyi?" adafunsa a Jafali tikudutsa pa Njewa.

Tidaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamwamba. Pa Njewa moyo unali wa masiku onse, maminibasi akulimbirana anthu, amayi akuyala tomato. Zidayamba kusintha titapitirira Mpingu. Pa sukulu ina ya m'mbali mwa msewu padalibe mwana ndi mmodzi yemwe, dzuwa litakwera kale, aphunzitsi atangokhala pansi pa mtengo. Pa tchalitchi china adayanika mphasa ndi mabulangete pabwalo ponse. A Jafali adati anthu asiya kugona m'nyumba zawo, akugona pagulu, amuna n'kumalondera.

Pa Namitete tidaima kuti timwe tiyi kuseri kwa sitolo ya akulu awo a a Jafali. Iwo atamva kumene tikupita adasiya kasitomala pakauntala n'kubwera kudzasuzumira m'galimoto. Adatsegula bokosi, n'kulitseka msanga ngati muli njoka.

"Mukupita kumidzi ndi izi? Mafumu akudziwa?"

"Sitiloledwa kuwauza," ndidatero.

"Akuletsani ndani?"

"Pulani."

"Pulaniyo ikwera nawo galimotoyi?" adafunsa. Adalowa m'sitolo n'kutuluka ndi thumba la feteleza lopanda kanthu, n'kulowetsamo bokosi lija, kukamwa n'kumanga ndi chingwe. "Bola chisaoneke. Mulungu akutsogolereni."

Tonse tidaona ngati nzeru, n'kuthokoza.

Tidasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wolowera kumpoto. Kunali kotentha koopsa, minda ili yogalauza, mizere ikudikira mvula. Sitidayende kwambiri tisanapeze chipika chitapingasa msewu, pambali pali anyamata a zibonga. A Jafali adatsitsa magalasi onse, n'kupereka moni wautali, kufunsa za kunyumba, za mbewu, za mvula. Wina adawazindikira kuti ndi a kusitolo ya pa Namitete, chipika n'kuchotsedwa. Ndidaona m'galasi kuti mmodzi adatsala ali chiimire pakati pa msewu, akutiyang'ana mpaka fumbi lidamubisa.

Tisanafike pa Nsaru galimoto idayamba kulira ngati mwana wa mbuzi, kenaka kutsogolo kudatuluka nthunzi. Lamba wa injini adaduka. Tidaikankhira pamthunzi wa mango pafupi ndi chigafa cha fodya, ndipo a Jafali adaimbira akulu awo kuti atumize lamba wina pa njinga yamoto. Adati afika, koma osati msanga.

Kudikira kumene kuja sindidzakuiwala. Chapafupi panali mjigo, amayi akutunga madzi. Kwathu galimoto ikafa anthu amabwera kudzaonerera, ena kudzapereka nzeru za umakaniko zimene alibe. Apa ayi. Amayi aja adatiyang'ana, n'kunong'onezana, mmodzimmodzi n'kumachoka, ndowa zina zitatsala pamzere zosadzaza. Posakhalitsa pamalopo padatsala ife ndi ntchentche.

Ndidaimbira a Mwale. Ndidawauza za galimoto yofa, za sukulu yopanda ana, za chipika, za ndowa zosiyidwa.

"Pepani, Eneless, koma zotsatira zikuyenera kutumizidwa mawa. Eni thandizo akutseka chaka chawo, ndipo tsikulo silisuntha. Mudziwo sitingausinthe tokha, adzati tasankha wotikomera. Muli ndi kalata ya ku boma, mukangoionetsa. Kwerani chilichonse, mukayeze, mubwerere kusanade."

A Mwale sanali munthu woipa. Anali ndi chipepala chawo pakhoma, ndipo pachipepalapo padalibe kachipinda ka mantha. Ndidakwiya, koma ndidakwiyira mumtima monga timachitira ife olembedwa ntchito.

"Achemwali, ine ndikadakhala inu ndikadabwerera," adatero a Jafali, nthabwala zonse zitatha. Iwo adayenera kutsala ndi galimoto. Adatiimitsira matola, kapikiapu kodzaza matumba a mtedza, anthu atakhala pamwamba pake. Adakweza okha thumba lathu, ine n'kulikhalira.

M'matola mudalibe nkhani ina koma ya anamapopa. Mayi wina wobereka mwana adati amalowera padenga ndi kapaipi. Bambo wina adati amayamba apopera mankhwala ogonetsa pazenera, ukadzuka uli lefu, pamkono pali kabala. Wina adati ukawathamangitsa amasanduka amphaka. Aliyense adamva kwa msuweni wake, palibe amene adaona ndi maso, koma onse ankagwirizana pa ziwiri: amayenda pa galimoto yopanda zolemba, ndipo amanyamula bokosi. Ngodya ya bokosi lathu inkandibaya m'ntchafu, ine osayerekeza kusuntha.

"Nanga inu amayi, mwanyamula chiyani cholimba chotere?" Adafunsa ndi bambo wa kapusi yofiira amene adakhala moyang'anana nane. Ankagogoda thumba ndi nsonga ya nsapato.

"Katundu wa kuntchito."

"Ntchito yanji?"

"Za phala la ana."

"Phala la ngodya?" Anthu adaseka, iye osaseka. Adatembenukira kwa a Gondwe, amene adatsinzina ngati agona. "Nanga akuluwa salankhula? Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Ku Lilongwe," adayankha a Gondwe, ndipo mawu awiri okhawo adakwana kuulula kuti kwawo si kuno. Bamboyo adagwedeza mutu pang'onopang'ono. Titatsika pa Nsaru ndidamuona ataima kuseri kwa chigayo, foni ili kukhutu, maso ali pa ife.

Pa Nsaru akabaza a njinga zamoto, amene masiku onse amakulanda chikwama usanatsike, adayamba kuyang'ana kumbali atamva za Kamphanje. Wina adati alibe mafuta, wina adati njinga ndi ya eni. Tidakhala pakhonde la golosale nthawi yaitali, dzuwa likupendeka, mpaka awiri adavomera pa mtengo wa ukwati, ndipo adaneneratu kuti akatisiya pamphambano, m'mudzi salowa.

Pakhonde pomwepo ndidatulutsa foni n'kupeza dzina la amayi. Chala chinali pamwamba pake.

"Imbani, a Eneless," adatero a Gondwe motsitsa mawu. "Ine sinikanena kwa munthu."

Ndidaganiza za mnzathu wochotsedwa uja, amene tsopano ankagulitsa kaunjika. Ndidaganiza za ana anga awiri kusukulu. Ndidadziwanso kuti amayi akadzafunsidwa ndi aliyense wa kuofesi ngati ndidawaimbira, adzanena zoona. Ndidabweza foni m'chikwama. Nthawi imeneyo a Mwale ndinkawaona m'maso mwanga, pamene zikwanje ndinali ndisanazione.

Njinga zidatiulutsa m'fumbi, Kabudula tidangomuona ngati malata ong'anima chakumanzere. Thumba adalimangirira pakati pa ine ndi woyendetsa. Pamphambano adatitsitsa, n'kutembenuza njinga tisanamalize n'kuthokoza komwe. Kuchoka apo tidayenda pansi, a Gondwe atasenza thumba paphewa. Njira imeneyo ndimaidziwa kuyambira ndili mwana, ndidapitamo kuchigayo, kusukulu, kumaliro. Tsiku limenelo ndidayendamo ngati mbava. Mtima utandikanika ndidatulutsanso foni, nditatsimikiza tsopano kuti ndiimba, ntchito ithe ikatha. Netiweki padalibe.

Nyumba ya mlangizi wa zaumoyo inali yokhoma ndi loko. Tidaodira, tidagogoda, zii. Tidalowa m'mudzi. Zitseko zonse zinali zotseka, pabwalo pali nkhuku zokha, mtondo uli chigonere chimanga chitamwazika. Palibe amene tikadamuodira ngakhale tikadafuna.

Wenzulo idalira kuseri kwa nkhokwe. Ina idayankha kumunsi. Kenaka zitini, mapoto, mfuu ya amayi, ndipo anthu adatuluka paliponse nthawi imodzi, m'nyumba, m'makola, m'nthochi. Tisanaganize zothawa tinali pakati. Ndidaona zikwanje, mipini, miyala. Ndidaonanso kapusi yofiira ija, itafika kale.

"Ndi omwewa! Tsegulani thumbalo!"

Adalilanda, chingwe n'kudula ndi chikwanje.

"Chinthu chabwino amachibisa m'thumba la feteleza?" adakuwa wa kapusi yofiira.

Adakhuthulira zonse pansi. Tisingano tidamwazika, magolovesi, thonje. Pomaliza padagubuduzika timabotolo ta madzi ofiira amene a Gondwe ankayesera kamakina kuti aone ngati kakuwerenga bwino. Si magazi, koma ndani akadamva zimenezo? Mayi wina adakuwa atagwira mutu, "Ana athu! Ana athu!" Phokoso limene lidatsatira ndimalimvabe nthawi zina ndikakhala pamsika.

Ndidatulutsa kalata ya ku boma. Mnyamata wina adaitenga, adaona kuti ndi ya Chingerezi, n'kuiponda. "Nawonso amayenda ndi makalata!" Mwala udachokera kumbuyo n'kuwapeza a Gondwe pamwamba pa diso. Adagwada, magazi ali chuchuchu kutsikira m'malaya, n'kuyamba kupemphera m'chinenero cha kwawo, zimene zidangowonjezera moto. Wina adagubuduza tayala lakutha. Wina adagwada pambali pa njinga yamoto n'kumakoka petulo ndi kapaipi kuthira m'botolo. Kupopa kumene ndidakuona ndi maso anga tsiku limenelo kunali kumeneko.

Ndidadziwa kuti tikufa, ndipo chimene chidandipweteka n'chakuti ndikufera pamalo poti ndikakweza maso ndikuona mitengo ya bulugamu ya kwathu tsidya la dambo. Sindidziwa kumene mawu adachokera.

"Ndine Eneless! Ndine mwana wa Nankhoma wa kwa Sadzu!"

Ndidabwereza kufuula mpaka mawu adasasa. Phokoso lidatsika pang'ono. Bambo wina wa imvi adadzipanikiza kubwera kutsogolo, ndipo ndidawazindikira: a Kachiza, mkulu wa mpingo, amene adandiphunzitsa kalasi ndili mtsikana. Adandiyang'anitsitsa. Ndidachoka kumudzi kalekale, ndidanenepa, tsitsi linali la m'tauni.

"Nkhope ndi yomweyo," adatero. "Koma mwana wa Nankhoma angafike mpaka pano mayi wake osadziwa?"

"Ndiye akuba ana a kwawo!" wina adakuwa.

A Kachiza adakweza dzanja. "Lero Lachinayi, amayi a chigwirizano ali kutchalitchi apa. Kaitaneni Nankhoma. Tonse tikumudziwa, sanama. Akati amadziwa za ulendowu, anthuwa apite. Akati sadziwa, ndiye kuti mwanayu wabisira ndi mayi wake yemwe, ndipo ine ndisamba m'manja."

Anthu adavomera, poti chiweruzocho chinali chachilungamo. Ine ndekha ndi amene ndidadziwa kuti atiweruza kuti tife. Adatikhazika pansi padzuwa, tayala lili pambali pathu, fungo la petulo lili m'mphuno. A Gondwe adandiyang'ana ndi diso limodzi lotsalalo, muli chiyembekezo, poti iwo amayi anga sankawadziwa. Ndidalephera kuwayang'ana. Ndidakumbukira malume ataima pabwalo, mlongo wawo akunena zoona zowagwetsa, nkhope yosasintha. Ndidapemphera pemphero limene sindidaganizepo kuti ndingapemphere, lakuti mayi anga achimwe.

Adatulukira m'njira ya kutchalitchi, bulauzi yoyera, duku loyera, buku la nyimbo lili m'manja, anzawo a chigwirizano ali pambuyo. Sadathamange. Anthu adawapatukira. Adayang'ana tayala, botolo, tisingano tili mbwee m'fumbi, a Gondwe ndi magazi awo. Pomaliza adayang'ana ine. Ndidaona kuti adabwa, ndipo ndidaona kuti adabisa kudabwako msanga ngati munthu wovundikira mphika.

"A Nankhoma," adatero a Kachiza, "uyu ndi mwana wanu?"

"Ndi wanga. Eneless."

"Kodi mumadziwa kuti abwera lero ndi zinthu izi?"

Amayi adasamutsa buku la nyimbo kuchoka dzanja lina kupita lina.

"Ndimadziwa," adatero. "Adandiuza Lamulungu. Ndi za chipatala, zoyeza ana amene akudya phala lija. Adandituma kuti ndidziwitse inu ndi amfumu, ine n'kuiwala. Ukalamba, a Kachiza. Mlandu ndi wanga. Nkhuku ya alendowa ikudikira mpeni kunyumba."

Mawu awo sadanjenjemere ngakhale pang'ono. A Kachiza adapuma mozama n'kutembenukira ku gulu. "Mwamva nokha. Akatero Nankhoma, yatha."

Sikuti onse adakhutira. Wa kapusi yofiira ankang'ung'udzabe, koma zikwanje zidayamba kuloza pansi, ndipo mwini njinga adatenga botolo lake la petulo. Amayi adawerama, n'kutolera tisingano ndi timabotolo kamodzikamodzi kubwezera m'bokosi. Adang'amba m'mphepete mwa chitenje chawo n'kumanga mutu wa a Gondwe. Kenaka adasenza bokosi lija pamwamba pa duku loyera.

"Tiyeni, alendo," adatero.

Tidawoloka dambo, iwo patsogolo. Amuna angapo, pamodzi ndi wa kapusi yofiira, adatitsatira chapatali kuti akaone ngati nkhukuyo ilikodi.

Pakhomo panali nkhuku imodzi yokha, poti zina zidatha ndi chitopa. Inali thadzi la mawangamawanga, likutsogolera anapiye amene anali asanamere n'mapiko omwe. Kwathu nkhuku ya anapiye saipha, ngakhale kubwere mkamwini. Amayi adaika bokosi pakhonde, adamwaza madeya, thadzi litayandikira n'kuligwira miyendo. Amuna aja adaima kumpanda. Amayi adapereka mpeni kwa a Gondwe monga mwa ulemu wa mlendo wamwamuna, koma mpeniwo udawapulumuka n'kugwa. Amayi adautola okha, n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Amuna aja ataona nthenga zikuuluka adatembenuka n'kumapita.

Anapiye adalira madzulo onse, akuzungulira pamene panali mayi wawo. Amayi adalowa m'nyumba, adavula bulauzi yoyera ndi duku, n'kuzipinda bwinobwino, kuziika pansi penipeni pa sutikesi. Adaphika, adatipatsa madzi osamba m'manja, adakakamiza a Gondwe kuti adye chiwindi poti ataya magazi. Amayi sadadye.

Ndidawapeza kuseri akutolera anapiye m'lichero. Ndidagwada pambali pawo n'kuyamba kufotokoza za kompyuta, za midzi yosadziwitsidwa, za eni thandizo amene amafuna zotsatira zoona zosakonzeratu.

"Ndiye kuti amafuna zoona," adatero.

"Eya, amayi."

"Chabwino." Adaika kamwanapiye kena m'lichero. "Ntchito yoletsa mwana kuodira kwawo, ine sindinaimvepo."

"Mundikhululukire, amayi. Mwatipulumutsa."

"Iwe ndakukhululukira uli pansi paja. Koma ine ndanama nditavala zoyera, pamaso pa mudzi. Munthu akachimwa amakaulula kwa akulu a mpingo. Mkulu wa mpingo ndi a Kachiza. Ndikaulula, mawa lake mudzi wonse udziwa kuti udabwera mobisa, ndipo sudzapondanso pano, ngakhale pa maliro anga. Tsono undiuze iwe wophunzira, ndikaulule kwa ndani?"

Adanyamula lichero n'kulowa nalo kukhitchini.

M'mawa mwake a Jafali adatipeza, lamba atamangidwa, maso ali ofiira chifukwa cha nkhani imene idawafika kuti tawotchedwa. Amayi adatiperekeza mpaka pamphambano pamene panali galimoto, atasenzanso bokosi kuti aliyense aone. Tidabwerera kudzera ku Nsaru osaima paliponse, mpaka kuchipatala m'tauni kumene a Gondwe adawasoka.

A Mwale atationa adakhala pansi, n'kugwira kukamwa. Adapepesa ndi mtima wonse, ndipo adalembera okha eni thandizo. Adatiwonjezera masabata, kompyuta idatola mudzi wina, ndipo kuyambira pamenepo lamulo lidasintha: mafumu ndi alangizi azidziwitsidwa. Zotsatira zitatuluka zidaonetsa kuti magazi a ana adachulukadi. Kachipinda kaja adakapaka kobiriwira, tidawombera m'manja, pulojekiti idapitirira, ana adadyabe phala. Mu lipoti lalikulu Kamphanje adatenga mzere umodzi, wakuti mudziwu udasinthidwa chifukwa cha zovuta za paulendo.

Ine ndimapita kumudzi momasuka, ndipo ndimayamba ndaimba foni ndisananyamuke. A Kachiza amandilonjera mwaulemu, nthawi zina n'kuseka za tsiku limene mayi anga adaiwala uthenga. Mikangano ikavuta anthu amatumizabe mawu kwa Nankhoma, koma iwo amati makutu adayamba kuvuta, apeze wina. Kutchalitchi sajomba, amafika oyamba, amasesa, amaimba. Zoyera zija sizidatulukenso mu sutikesi, ati zidathina. Koma mpaka lero, Lamulungu lililonse la mgonero, amayi anga amadzuka ndi mutu, n'kutsala pakhomo.